Tatopa ndi final.zip: ma command a Git oyenera timu ya anthu atatu

Funso: Ndife atatu, tikupanga pulogalamu yowerengera katundu ndi malonda ya sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Limbe. Mnzanga wina amakhala ku Chilomoni, wina ku Bangwe, ine ku Zingwangwa. Takhala tikutumizirana code pa WhatsApp m'mafayilo a zip mpaka tafika pa final3_yeniyeni.zip, ndipo sabata yatha ntchito ya mnzathu inafufutika nditaika foda yanga pamwamba pa yake. Taika Git, tatsegulanso akaunti pa GitHub, koma push ikukana ndipo tikuopa kulemba zinthu zomwe sitikuzimvetsa. Tidziwe ma command ati? Nanga bandulo ikatha timatani?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kusiya zip pulogalamu isanakule. Git ili ndi ma command oposa 100, koma omwe muzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku sakwana ngakhale 20. Chofunika kuchigwira choyamba n'chakuti ntchito imene mwaipanga commit, kutanthauza kuisunga m'mbiri ya Git, siitayika wamba, ngakhale mutalakwitsa kwambiri, pomwe imene simunaipange commit Git siidziwa n'komwe ndipo singakubwezereni. Mukagwira zimenezi, mantha anu achepa kwambiri, chifukwa mudziwa kuti ma command oopsa ndi ochepa ndipo amadziwika.

Musiyanitsenso Git ndi GitHub. Git ndi pulogalamu ya pakompyuta yanu, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005 kuti anthu okonza Linux, omwe ali m'mayiko osiyanasiyana, azigwira ntchito limodzi aliyense ali ndi mbiri yonse ya code pamakina ake. GitHub ndi webusaiti yosungirako code, inayamba mu 2008 ndipo Microsoft inaigula mu 2018. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti commit, log, diff, branch ndi merge zonse zimayenda popanda intaneti. Zofuna netiweki ndi clone, fetch, pull ndi push basi.

Aliyense wa inu ayambe wadzidziwitsa kwa Git pakompyuta yake, kamodzi kokha, polemba izi mu terminal, windo lolembamo ma command:

git config --global user.name "Dzina Lanu"
git config --global user.email "imelo yanu"
git config --global init.defaultBranch main

Imeloyo ikhale yomweyo imene munatsegulira akaunti ya GitHub, apo ayi ma commit anu saoneka kuti ndi anu kumeneko. Mzere wachitatuwo ukuthandizani chifukwa GitHub inasintha dzina la branch (nthambi ya code) yoyamba kuchoka pa master kupita pa main mu 2020, ndipo mayina akasiyana anthu amasokonezeka.

Tsopano munthu mmodzi yekha, amene ali ndi code yolondola, ndiye ayambitse repository, foda ya code imene Git ikusunga mbiri yake. Apa mpomwe matimu ambiri amagwera: aliyense amalemba git init mu foda yake, kenako onse amafuna kutumiza ku malo amodzi, Git n'kuyankha kuti refusing to merge unrelated histories, kutanthauza kuti mbiri ziwirizo sizichokera pa tsinde limodzi. Khalani pansi kaye, gwirizanani kuti foda yeniyeni ndi iti. Mwini fodayo alembe git init, koma asanawonjezere chilichonse apange fayilo yotchedwa .gitignore, momwe alembe zinthu zomwe Git isamazisunge, chilichonse pamzere wake: .env, node_modules/, vendor/ ndi mafayilo a database okhala ndi mayina ndi ngongole za makasitomala a sitoloyo. Mafoda a node_modules ndi vendor amabwereranso ndi npm install kapena composer install, choncho kuwatumiza n'kungotentha bandulo. GitHub imachenjeza fayilo ikapitirira 50 MB ndipo imakaniratu yopitirira 100 MB. Nkhani ya .env ndiye yaikulu kuposa zonsezi, chifukwa mumakhala pasiwedi ya database ndi makiyi achinsinsi, mwachitsanzo a Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati pulogalamu yanu ilandira malipiro. Fayilo imeneyi ikalowa mu commit, kuifufuta mawa sikuichotsa m'mbiri. Ngati inalowa kale, lembani git rm --cached .env kuti Git isiye kuitsata fayiloyo ikadali pakompyuta, kenako sinthani mapasiwedi ndi makiyi onse omwe anali mmenemo. Musadzitonthoze kuti palibe anaona.

Akatero apange repository yopanda kalikonse pa GitHub, akopere adiresi yake, n'kupitiriza chonchi:

git add .
git commit -m "Chiyambi cha pulogalamu ya sitolo"
git remote add origin adiresi-ya-pa-GitHub
git push -u origin main

Enanu awiri musakopere foda pa fulashi ayi. Lembani git clone ndi adiresi yomweyo, Git ikupangirani foda yatsopano yolumikizidwa kale ndi origin, dzina limene Git imatchulira repository ya pa GitHub ija. Ngati muli ndi ntchito yanu imene sinalowe, ikoperani m'foda yatsopanoyo fayilo imodziimodzi, mukuyang'ana zomwe zasintha.

Simunatiuze uthenga umene push ikupereka ikamakana, ndipo yankho lili mu uthengawo. Ukamanena za authentication failed, vuto ndi pasiwedi: kuyambira pa 13 August 2021 GitHub salola pasiwedi ya akaunti pa push. Mufunika token, imene mumaipanga ku Settings, Developer settings, Personal access tokens, n'kuiika pomwe akufunsa pasiwedi. Njira imene ine ndimaikonda ndi SSH, poti mumaikonza kamodzi n'kuiwala. Lembani ssh-keygen -t ed25519, tsegulani fayilo ya id_ed25519.pub imene ili m'foda ya .ssh, koperani zonse n'kukaziika pa SSH keys mu akaunti yanu, kenako yesani ndi ssh -T git@github.com. Muike fayilo yothera ndi .pub yokha. Inzakeyo ndi chinsinsi chanu, isachoke pakompyuta. Mukasankha SSH, adiresi ya origin ikhale yoyamba ndi git@github.com, ndipo mutha kuisintha ndi git remote set-url origin. Uthenga ukakhala wa 403, mwina mwini repository sanakuwonjezereni pa Collaborators. Ukakhala src refspec main does not match any, mwina simunapange commit iliyonse kapena branch yanu ikutchedwa master, ndipo git branch -M main imakonza zachiwirizo. Ukakhala rejected ndi mawu akuti fetch first, ku GitHub kuli commit imene inu mulibe. Kawirikawiri zimachitika munthu akachonga bokosi la README popanga repository. Ngati mukungoyamba kumene, chapafupi n'kupanga ina yopanda kalikonse n'kulozetsa origin kumeneko.

Kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku imveke, dziwani kuti code yanu imadutsa malo atatu isanatuluke pakompyuta: foda imene mukulembamo, malo osonkhanitsira zomwe zilowe mu commit, ndi mbiri yosungidwa m'foda yobisika ya .git. Zili ngati kutumiza katundu pa basi ku Wenela: git add ndi kulongedza m'katoni, git commit ndi kumata katoniyo n'kulembapo zomwe zili mkati, git push ndi kuikweza basi. Chimene simunachilongedze chimatsala kunyumba ngakhale katoni itafika bwinobwino.

Command imene muzilemba kuposa ina iliyonse ndi git status. Musanapange add, musanapange pull, mukaona uthenga wosamveka, lembani imeneyi. Imakuuzani branch imene muli, mafayilo omwe asintha, omwe mwawalongedza kale, ndipo nthawi zambiri imakulemberani command yotulukira pavuto. Kuti muone mizere yeniyeni imene yasintha, lembani git diff. Mukapanga add, git diff yekha saonetsanso kanthu pa fayiloyo, ndipo ambiri amadzidzimuka n'kuganiza kuti ntchito yapita. Ilipo: lembani git diff --staged.

Ndikulimbikitseni kuti mukadutsa commit yoyamba, muchepetse git add . ndipo muzitchula fayilo ndi dzina, monga git add malipoti.php. Kadontho kaja kamakokolola chilichonse, ngakhale zinyalala zoyesera. Fayilo imodzi ikakhala ndi zosintha ziwiri zosagwirizana, git add -p imakufunsani gawo ndi gawo, inu n'kumayankha y kapena n. Commit iliyonse ikhale ya chinthu chimodzi, ndipo uthenga wake unene chinthucho: "Konza kuwerengera chenji pa risiti" uthandiza mnzanu wa ku Bangwe miyezi itatu ikubwerayi, pomwe "update" kapena "zosintha" sathandiza aliyense. Lembani m'Chichewa kapena m'Chingerezi, bola mugwirizane. Mbiri yonse mumaiona ndi git log --oneline --graph --all, ndipo zilembo ndi manambala zomwe zili kumayambiriro kwa mzere uliwonse ndi chidule cha nambala ya commit, imene yathunthu imakhala ndi zilembo 40. Mukafuna kutuluka mu log dinani q.

Kuti musapondanenso ngati sabata yatha ija, aliyense azigwira ntchito pa branch yake, main ikhale ya code imene ikuyenda basi.

git switch main
git pull
git switch -c malipoti-a-mwezi

Mzere womalizawo ukupanga branch yatsopano n'kukusamutsirani komweko. Mavidiyo akale amagwiritsa ntchito git checkout -b, ndipo imagwirabe, koma checkout imachita ntchito ziwiri zosiyana, kusintha branch ndi kubweza mafayilo, n'chifukwa chake Git 2.23 ya mu 2019 inabweretsa switch ndi restore. Phunzirani zatsopanozi. Mukamaliza ntchito, tumizani ndi git push -u origin malipoti-a-mwezi, tsegulani pull request (pempho loti branch yanu iphatikizidwe ku main) pa GitHub, mnzanu awerenge asanaphatikize. Mukakhala opanda intaneti, bwererani pa main n'kulemba git merge malipoti-a-mwezi. Branch isamagone masabata. Ikakhalitsa, main imapita patali ndipo kuphatikiza kumasanduka chintchito.

Git pull ndi ntchito ziwiri pamodzi: fetch, imene imakoka ma commit atsopano osakhudza mafayilo anu, ndi merge, imene imawaphatikiza ndi anu. Git yatsopano ikaona kuti mbali zonse ziwiri zapita patsogolo imaima n'kufunsa njira yophatikizira. Kwa oyamba kumene ndimalangiza git config --global pull.rebase false. Rebase ndi yabwino ndipo imasiya mbiri yowongoka, koma imalembanso ma commit mwatsopano, choncho idikire kaye mpaka merge mutaizolowera. Pa merge nthawi zina pamatseguka Vim, pulogalamu yolembera ya mu terminal, yofuna uthenga, munthu n'kusowa potulukira. Dinani Esc, lembani :wq, dinani Enter. Ngati mumagwiritsa ntchito VS Code, git config --global core.editor "code --wait" ikuchotserani vutoli.

Tifike pa conflict, poti ndi imene imathawitsa anthu kubwerera ku zip. Anthu awiri akasintha mafayilo osiyana, kapena malo otalikirana m'fayilo imodzi, Git imaphatikiza yokha. Imaima pokhapokha onse akhudza mizere yomweyo, ndipo imalemba mbali zonse ziwiri m'fayilomo:

<<<<<<< HEAD
$kuchotsera = $mtengo * 0.05;
=======
$kuchotsera = $mtengo * 0.10;
>>>>>>> mitengo-ya-pikulitsa

Za pamwambazo ndi za branch imene muli, za pansizo ndi zomwe zikubwera. Git singadziwe ngati mwini sitolo amachotsera 5 kapena 10 pa 100 iliyonse kwa opikula simenti, ndiye yakusiyirani. Muimbireni mnzanuyo, kapena mwini sitolo, musangodina batani lotenga mbali yanu. Mukadziwa cholondola, siyani mzere umenewo, fufutani winawo pamodzi ndi mizere itatu ya zizindikiro ija, yesani pulogalamu ngati ikuyenda, kenako git add fayiloyo ndi git commit. Mukaona kuti zakukulirani, git merge --abort imakubwezerani pomwe munali musanayambe. Kuti abort igwire bwino, muziyamba merge kapena pull git status ili yoyera. Ngati muli ndi ntchito ya theka imene simukufuna kuipanga commit, git stash imaiika padera, git stash pop n'kuibweza. Dziwani kuti stash siitenga mafayilo atsopano omwe Git sinawaonepo pokhapokha mutawonjezera -u, komanso imakhala pakompyuta yanu yokha.

Pali conflict ina yabodza imene imavuta matimu omwe wina ali pa Windows wina pa Ubuntu: fayilo yonse imaoneka ngati yasintha pomwe palibe anaikhudza. Gwero lake ndi momwe makina awiriwa amatsekera mzere. Pangani fayilo ya .gitattributes yokhala ndi mzere wakuti * text=auto, ipangeni commit, nkhani ithe.

Kubweza zolakwika kuli ndi njira zingapo, ndipo funso loyamba nthawi zonse likhale lakuti: kodi ndatumiza kale? Ngati mwalongedza fayilo molakwika, git restore --staged dzina-la-fayilo imaitulutsa osawononga zomwe munalemba. Ngati mwalakwitsa uthenga wa commit yomaliza kapena mwaiwala fayilo, ndipo simunapange push, git commit --amend imakonza. Ngati mukufuna kumasula commit yomaliza ntchito ikhalebe m'manja mwanu, git reset --soft HEAD~1. Koma commit ikafika ku GitHub anzanu n'kuikoka, musailembenso. Gwiritsani ntchito git revert ndi nambala yake, imene imapanga commit yatsopano yotsutsa yakaleyo, mbiri ya aliyense n'kukhala yosasokonezeka.

Ma command oyenera kuwaopa ndi awa, ndipo muwaloweze. Git restore dzina-la-fayilo, popanda --staged, imataya zonse zomwe mwalemba m'fayiloyo zomwe simunazilongedze. Git reset --hard imataya zonse zomwe simunazipange commit, ngakhale zolongedza kale, pa mafayilo onse omwe Git ikuwatsata. Git clean -fd imafufuta mafayilo ndi mafoda atsopano, ndipo sapita mu Recycle Bin. Muziyamba ndi git clean -nd, imene imangoonetsa zomwe zingachotsedwe. Wachinayi ndi git push --force, umene umafafaniza zomwe zili ku GitHub n'kuikapo zanu, ngakhale ntchito ya mnzanu ikhale momwemo. Pa intaneti mupeza anthu ambiri akulangiza --force push ikakana. Pa main musayerekeze. Push ikakana chifukwa mwatsalira, yankho ndi pull, kukonza conflict ngati ilipo, kenako push. Pa branch yanu nokha, ngati pakufunikadi, gwiritsani ntchito --force-with-lease, imene imakana ngati wina watumizako zinthu zomwe inu simunaziwone. Kufufuta foda ya .git nakonso n'kufufuta mbiri yonse ya pakompyutapo.

Tiyerekeze kuti mwalemba reset --hard ndipo ma commit atatu asowa mu log. Musathamangire kulemba code mwatsopano. Lembani git reflog. Imaonetsa malo onse omwe munaimapo posachedwapa, uliwonse ndi nambala yake. Pezani mzere wa commit imene mukuifuna, kenako lembani git branch yopulumutsa ndi nambalayo, ma commit aja abwerera pa branch yatsopanoyo. Mwachizolowezi Git imasunga mizere ya reflog masiku 90, ndipo ya ma commit omwe sali pa branch iliyonse masiku 30. Reflog imapulumutsa zomwe zinalowapo mu commit zokha, n'chifukwa chake ndikukakamira kuti muzipanga commit pafupipafupi, ngakhale kangapo pa ola.

Kuzima kwa magetsi kumabweretsa kavuto kake. Kompyuta ikazima Git ili pakati pa ntchito, mukadzayatsa imakana n'kunena kuti index.lock ilipo kale. Tsekani VS Code ndi mawindo onse a terminal kuti mutsimikize kuti palibe Git ina ikuyenda, kenako fufutani fayilo ya .git/index.lock yokhayo. Ndipo musaiwale kuti commit ili palaputopu yanu basi. Laputopu ikabedwa mu minibasi kapena hard disk ikafa, zonse zomwe simunatumize zapita nayo. Push ya code wamba imadya data yochepa kwambiri, poti imatumiza zatsopano zokha ndipo zimakhala zofinyidwa, choncho muzitumiza madzulo aliwonse.

Bandulo ikathiratu, kapena mukatsala ndi ya WhatsApp yokha, pali njira yabwino kuposa zip. Git bundle imamanga ma commit m'fayilo imodzi:

git bundle create sitolo.bundle main

Tumizani fayiloyo pa WhatsApp ngati document kapena pa fulashi. Wolandira aisunge kunja kwa foda ya pulogalamu, kenako ali pa main alembe git pull ../sitolo.bundle main, kapena njira yonse ya komwe waisunga. Git iphatikiza ngati kuti zachokera ku GitHub, conflict ikakhalapo ioneka, palibe ntchito ya munthu imene ikwiririke. Mbiri ikakula, mutha kumanga ma commit atsopano okha, monga git bundle create lero.bundle main~5..main, bola wolandirayo akhale kale ndi akalewo. Git bundle verify lero.bundle imamuuza ngati ali nawo. Netiweki ikabwera, aliyense apange pull ndi push mwa nthawi zonse, ma commit omwewo Git iwazindikira ndi manambala awo ndipo siwabwereza.

Tsiku limene mukaike pulogalamu pakompyuta ya kusitolo ku Limbe, ikani chizindikiro pa commit imene mwapereka: git tag -a v1.0 -m "Yoyamba kuikidwa kusitolo". Ma tag sapita okha ndi push wamba, ndiye mulembe git push origin v1.0. Mwini sitolo akadzaimba kuti risiti ikutulutsa chiwerengero cholakwika pomwe mwezi watha inkayenda bwino, git diff v1.0 main ikuonetsani zonse zomwe zasintha kuchokera tsiku limenelo, git log v1.0..main --oneline ikupatsani ma commit oti muwafufuze, ndipo git blame risiti.php ikuuzani commit imene inakhudza mzere uliwonse komaliza, kuti mudziwe woyenera kumufunsa chimene ankafuna kukonza.